Gofu wa Kuseri kwa Khola

Obadiya akaona chitsononkho pansi, sankachisiya osachimenya ndi mpini. Chiyambireni ganyu yonyamulira zikwama osewera gofu m'tauni, m'mawa uliwonse ankayeserera kuseri kwa khola.

Loweruka mkazi wake Tabita anamupeza kumeneko atagwira m'chiuno Ireen wa pagolosale, mpini uli m'manja mwa Ireen.

"Liwiro limachokera muno, osati m'mikono," Obadiya ankatero. "Potokolani thupi lonse!"

"Ine chiuno ndilibe, eti?" anafunsa Tabita.

"Inunso mayi a Mwayi, ndi masewera chabe awa."

Tabita analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama chodzaza.

Obadiya anaseka. "Ndiye mukupita kuti?"

"Ine? Pano pa Mpingu m'pakwathu, inu munabwera chikamwini. Zovalazi ndi zanu, bambo. Kwanu ku Nsaru mabwalo aliko."