Manja a Bishopu

Utsi wa lubani unali utamutsamwitsa kale Araba pamene mzere wa akazi ovala zoyera unayamba kusendera ku guwa. Kutsogolo kunali bishopu, kumbuyo anthu, ndipo pambali panaima Mayi Ofori, amene anamuphunzitsa za mpingowu miyezi inayi yathunthu. Pothawira panalibe.

Araba anabadwira mu Methodisiti. Bambo ake ku Saltpond ndi mlaliki, munthu wosalawa ngakhale dontho la mowa. Kwawoko pa mgonero amamwa madzi a zipatso, aliyense m'kakapu kake. Ulaliki ukamukhudza mayi wina, amangoimirira n'kuyambitsa nyimbo, tchalitchi chonse n'kuvomera. Kuno ku Angilikani zonse n'zowerenga m'buku: gwadani, dzukani, gwadaninso, kenaka vinyo weniweni m'chikho chimodzi cha mpingo wonse.

Koma muno ndi mmene anakumana ndi Ebo. Araba atangofika ku Obuasi kudzayamba unamwino, mnzake wa kuntchito anamukokera ku tchalitchichi, ndipo Ebo, mnyamata wa ku mgodi amene anakhala naye benchi imodzi, anamupatsirako buku la nyimbo. Lamulungu lotsatira Araba anabweranso. Ebo analipo. Manyazi anamugwira Araba, sanaulule kuti iye ndi mlendo chabe. Nthawi ya mgonero onse awiri ankangokhala pansi, ndipo Araba ankaganiza kuti Ebo chikumbumtima chikumutsutsa chifukwa cha chibwenzi chawo.

Chaka chinatha, nkhani ya ukwati inayambika. Mkazi amatsata mpingo wa mwamuna, choncho Araba anakalembetsa mobisa kuti bishopu adzamusanjike manja, alowe mpingo wa Angilikani. Lero anamunamiza Ebo kuti wapita kukaona mayi ake. Mwayi wake, Ebo anati akhala tsiku lonse pansi pa mgodi.

"Yenda, mwana wanga," Mayi Ofori ananong'ona. "Ukunjenjemera ngati ukukachotsa dzino bwanji?"

"Mayi, ndituluke kaye, ndikapumeko mpweya."

"Mpweya sukuthawa. Tiye!"

Anagwada. Mwala wa paguwa unamuzizira m'mawondo. Anaganiza za bambo ake, mmene adzavulire magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anafuna kudzuka, koma manja a bishopu anali atafika kale pamutu pake, olemera, ofunda. Mpingo unati Ameni. Basi, zinali zitatha.

Anadzuka misozi ili lengelenge, natembenuka kuti abwerere pamalo pake. Pa benchi ya amuna, amene anasanjikidwa manja poyambirira, wina wovala zoyera anali atamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Ebo? Ukutani apa? Iwe si wa mpingo uno?"

"Ine?" Ebo ananong'ona. "Bambo anga ndi m'busa wa Methodisiti, Araba. Tsiku lija ndinangoperekeza mnzanga. Ndakhala ndikubwera muno chifukwa cha iwe."