Magazi a Mphwake

"Mankhwala aja mumamwadi, kapena mumapatsa nkhuku?" anafunsa namwino, maso ali pa kompyuta.

Wodwalayo, dalaivala wa lole, anaseka, koma namwino sanaseke.

"Bambo, mankhwala a hepatitis C munamaliza. Timayembekezera kuti tikayeza magazi, tizilombo towononga chiwindi tija tisaonekenso. Koma pano tachuluka kuposa mmene munkayamba."

Dalaivala mutu unaima. Sanadumphepo mapiritsi ngakhale tsiku limodzi. Kungoti tsiku lokatengedwa magazi abwana anamutuma ulendo wautali, ndipo kukana kunali kutaya ntchito. Ndiye anangopatsa mphwake khadi lakuchipatala. "Ife timafanana ngati mapasa, angadziwe ndani? Iwe uli bwinobwino, ukangopereka mkono basi."

"Mukundimva, bambo?" anatero namwino. "Kunyumba kuli amene mumabwerekana naye lezala kapena mswachi? Ameneyo abwere tidzamuyeze."

Dalaivala anakumbukira lezala ya pawindo la kubafa, yomwe ankametera ndevu onse awiri chibwerereni mphwakeyo kudzakhala naye. Za magazi ake enieni sankadziwa chilichonse. Zomwe zinali pa kompyutapo zinali za mwana wa mayi ake.

Atatuluka anapeza mphwake uja pabenchi, atatambasula miyendo, akuimba kaluzu.

"Achimwene, zatheka?" anafunsa monong'ona, akumwetulira. "Magazi anga aja akupulumutsani, eti? Lero nde mundigulira kozizira."