Mfundo za Kangaude

Padangotero, m'nkhalango munali asing'anga awiri. Kangaude ankasunga mbiri ya odwala ake pomanga mfundo pa ukonde wake, pomwe Chiswe ankalemba ndi dothi pamtengo.

"Achimwene, tigwirizane kalembedwe kamodzi koti aliyense aziwerenga," anatero Chiswe.

"Kuti mundilande odwala? Ayi," anayankha Kangaude.

Tsiku lina Kangaude atachokapo, wodwala wake Gwape anadwalika kwambiri. Chiswe anayang'ana ukondewo osatolapo kanthu, ndiye anam'mwetsa makungwa a muwawani. Gwape anatupa pakhosi n'kufa.

Pobwera, Kangaude analoza mfundo yachitatu akulira. "Ndinalemba apa kuti muwawani umamuwenga."

"Munalembera ndani, achimwene?" anafunsa Chiswe.

Mpaka lero Kangaude amatchera ukonde wake panjira penipeni kuti onse auone, koma palibe amaima kuti awerenge.