Wamasiye wa Celestino

"Ndinafa liti ine, a Avelino?"

"Mwezi watha, kamarada Celestino," anatero mkulu wa banku. "Akazi anu anabwera ndi kabuku kanu atavala zakuda. Akuti munaponda bomba ku Tsangano. Tinawapatsa ndalama zanu zonse. Banku sipereka kawiri."

"Kabukuko anandibera tikuthawa zigawenga za amatsanga! Ndinalima kachewere chaka chonse ine! Ndipo sindinakwatire!"

"Pepani, koma analira zedi. Anagubuduka pansi apa akutchula dzina lanu. Ngakhale msilikali wapakhomo anagwetsa misozi."

Ndinayang'ana pomwe ankalozapo. Chimalizireni sukulu, palibe mtsikana amene anandimwetulirapo, nanji kundilira chonchi.

"Za ndalamazo tikambabe," ndinatero motsitsa mawu. "Koma a Avelino, ndi wokongola? Ndiuzeni kumene analowera, ndikamupepese maliro."