Ndowa Imodzi Panjira ya ku Ghazni

"Kokani, mwagona kodi?" anakuwa Sajeni Zarghun ali pakavalo wake, kavalo yekhayo amene anatsala wamoyo.

Akavalo ena okoka mzinga wawo wankhondo watsopano, wa mizere mkati mwa mpope wake, anafera m'njira. Kwa masiku atatu msilikali Torgul ndi anzake ndiwo ankakoka, atavala malamba a akavalowo. Mapewa anali zilonda zokhazokha.

Pachitsime anapeza madzi a ndowa imodzi basi.

"Lamulo mukulidziwa," anatero sajeni. "Akavalo amayamba kumwa, anthu pambuyo."

Torgul anasendera pafupi, malamba akadali pachifuwa. "Ndiye tiyambe ndife, bwana. Takoka ndife."

"Usadzinyoze choncho, Torgul. Iwe ndiwe munthu."

Sajeni anatenga ndowa ija nkuikira kavalo wake.