Mayi Amene Anaimitsa Galimoto ndi Manja

Lorraine anafinya dzanja la Noreen mpaka mwanayo anayamba kudandaula. Kamodzi kokha pachaka kampani imene mwamuna wake ankagwirako ntchito inkalola mabanja kulowa m'nyumba yojambuliramo mapulani a magalimoto ku Detroit, ndipo iye ankaona ngozi paliponse: mawaya pansi, masitepe oterera, ndudu zoyaka zikulendewera pafupi ndi maso a mwana.

"Chonde lero osakhudza kanthu," mwamuna wake, Casimir, anamunong'oneza. "Mabwana onse ali pano."

"Mukuuza ine kapena wazaka zitatuyu?"

"Nonse, mayi a Noreen. Makamaka wamkuluyo."

Pakati pa holo, pansanja yaifupi, panali galimoto yam'tsogolo imene inam'landa mwamuna chaka chathunthu. Inali yasiliva, mphuno yosongoka ngati ya ndege yankhondo, zipsepse ziwiri kumbuyo. Casimir sankaloledwa kukamba za kuntchito, koma tsiku lina anangoti magalimoto a mawa azidziyendetsa okha. Lorraine anapita nawo mawuwo kutchalitchi atawathira mchere: yothamanga kuposa ndege, yomva munthu akayiyankhula. Anadzitama mpaka iye mwini anayamba kuiopa.

Mkazi wa Halvorsen, bwana wa Casimir, anatambasula dzanja kuti am'patse moni. Moni wotero sakana. Lorraine anasiya mwana.

Kenako kunamveka kulira kwa makina. Anthu anaomba m'manja. Lorraine atacheuka, anaona mphuno yasiliva ija ikuyenda pang'onopang'ono, mulibe dalaivala, ndipo kutsogolo kwake kunaima Noreen, chala chili m'kamwa.

Anathamanga bwanji, sakudziwa. Nsapato imodzi inatsala m'njira, mbale ya masangweji inagwa, mkulu wina anakhala pansi osafuna. Anakankhira mwana pambali, n'kutsamiza manja onse paboneti, mwendo atauponda molimba.

"Zimitsani injini! Zimitsani, anthu inu, pali mwana!"

Galimoto inaima.

Lorraine, akupumira m'mwamba, anamva kanthu kotentha pamtima. Iye, amene ankaopa ngakhale chikepe cham'sitolo, waimitsa galimoto ndi manja! Anayamba kale kusanja mmene akafotokozere Lamlungu. Anaona Casimir akubwera, milomo ikunjenjemera, ndipo anam'mvera chisoni.

"Musalire, bambo a Noreen. Mwana ali bwino."

"Mwanayo ndamuona," anatero Casimir, maso ali pa bwana Halvorsen. "Tulutsani manjawo. Pang'onopang'ono, chonde."

Lorraine anakoka. Manja anakana. Anali atalowa m'boneti mpaka m'mikono, utoto wasiliva utang'ambika ngati pepala, ndipo mkati munali mofewa.

"Injini mulibe," Casimir anayankhula ngati ali pamaliro. "Imazungulira ndi nsanjayi. Galimotoyi ndi chitsanzo chabe, dothi lokhalokha."

Noreen anakoka diresi la mayi ake. "Amayi, nanenso ndiumbeko?"