Msilikali Amene Sanadzuke

"Bwererani pamzere, mufenso!" anakuwa mkulu wojambula filimu.

Yahya anadzuka m'matope, yunifolomu yabuluu itanyoweratu. Anabwera kuno atangoweruka kuntchito yake yonyamula katundu mumzinda wa Brampton, ku Canada. Filimuyo inali ya asilikali akuda amene anachoka ku Canada kukamenya nkhondo yothetsa ukapolo ku America.

"Achimwene, kodi anthuwa ankatopa chonchi?" anafunsa Zondiwe, mnzake wa ku Chipata.

"Iwo ankafa kamodzi basi," anayankha Yahya.

Mfuti zinaliranso, Yahya n'kugwa chafufumimba. Kujambula kutatha, mitembo yonse inadzuka kupatula iye. Zondiwe anathamanga n'kumutembenuza.

Yahya anali kuliza mkonono.

"Uyu ndiye waluso," anatero mkuluyo. "Abwerenso mawa."